Mbatata ikapsa amaphula: za makatuni osatha aja

Nkhaniyi yakhala ikundilemera mumtima kwa masabata angapo, ndiye lero ndingoitula pano. Makolo anzanga, makamaka inu amene ana anu amatha Loweruka lonse maso ali pa TV, werengani mpaka kumapeto, mundiuze ngati ndikunama.

Mwezi watha ndinapita kwa mnyamata wina wobena nyimbo ndi mafilimu kumsika kwathu kuno. Ndinamupatsa fulashi kuti andiikiremo makatuni a ana, ndipo ndinamutchulira imodzi yomwe ndinaonera ndili mwana, pa tepi, titakhala pasimenti kwa aneba athu amene anali ndi deki: The Land Before Time, ija ya tiana ta madayinoso. Mnyamata uja osadzutsa n'komwe mutu anangoti, "Mukufuna iti bigi? Zilipo 14." Ndinayesa nthabwala. Ananditembenuzira sikirini, ndinawerenga ndekha ndi chala, zinakwanadi 14. Ndinati ikani zonse, ana akasangalale.

Yoyamba ija inatuluka mu 1988. Anaiwongolera ndi Don Bluth, kumbuyo kwake kuli Steven Spielberg ndi George Lucas. Ndi yaifupi, ola limodzi ndi mphindi zochepa chabe, koma ili ndi mnofu. Dziko lauma, masamba atha m'mitengo, nyama zili pa ulendo wofunafuna chigwa chimene akuti kudakali msipu. Kamwana ka dayinoso wa khosi lalitali, dzina lake Littlefoot, kakuyenda ndi mayi ake ndi agogo ake. Chilombo cha mano akuthwa chikuukira, mayi uja akulimbana nacho poteteza mwana, akuvulazidwa, chivomezi chikung'amba nthaka, ndipo mvula ili mkati mayi uja akumwalira mwana ali pambali pake. Opanga filimuyo sanabise. Sanadzamudzutsenso kumapeto kuti ana awombe m'manja. Wapita, wapita basi.

Ndili ndi ana awiri, mnyamata wa zaka 10 ndi mtsikana wa zaka 7. Chaka chatha tinataya mayi anga, agogo awo, amene ankakhala nafe pakhomo pano. Monga timachitira ambiri a ife, masiku a maliro anawa tinawasungitsa kwa aneba, ndipo titabwerako kumudzi palibe amene anakhala nawo pansi kuwafotokozera. Tinangoti agogo apita kukapuma. Mtsikanayu sanafunsepo kanthu chaka chonse, ife n'kumati ndi mwana, waiwala.

Mufilimu muja muli pena pamene Littlefoot, ali yekhayekha, akuona chithunzithunzi chachikulu pathanthwe. Akuyesa ndi mayi ake, akuthamangira ndi chimwemwe, chithunzithunzi chija chikunka chichepa, mpaka akuzindikira kuti ndi chake chomwe. Pamenepo mwana wanga anandigwira mkono.

"Adadi, amayesa ndi amayi ake eti?"

"Eya mwanawe."

Anakhala kaye chete. Kenako anati, "Inenso tsiku lina ndinaona agogo kuchigayo, ndinawathamangira. Koma sanali iwowo. Chinangofanana ndi chitenje."

Ndinaimitsa filimu. Usiku umenewo tinacheza zimene tinalephera kucheza chaka chathunthu, amayi awo ali pomwepo, misozi ili mbwembwembwe tonse anayi. Katuni ya zaka zoposa 30 zapitazo inatitsegulira chitseko chimene ife akuluakulu tinkachilambalala.

Ndiye taganizani mtima umene ndinali nawo poyatsa yachiwiri Loweruka lotsatira. Kenako yachitatu, yachinayi, mpaka tinadumphira ya nambala 9 kuti tione ngati kutsogolo zinasintha. Abale, ndi mayina okha amene ali ofanana. Zotsatirazi zinayamba kutuluka mu 1994, yomaliza mu 2016, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inapita ku sinema. Zonse ankangozitulutsa pa tepi kenako pa DVD, zogulitsa kusitolo. Don Bluth sanagwireko ntchito imeneyo, Spielberg ndi Lucas nawonso ayi. Mitundu inawala kwambiri, mdima wonse uja unachotsedwa, ndipo anathiramo nyimbo, moti pakangopita kanthawi tianato timaima n'kuyamba kuimba za ubwenzi. Nkhani yake ndi yomweyomweyo yovekedwa malaya ena: tiana tazemba m'chigwa makolo asakudziwa, tathamangitsidwa ndi chilombo, tabwerera tili bwinobwino, wamkulu wina watiuza phunziro la tsikulo. Zilombo za mtundu wa chija chimene chinapha mayi zinasanduka ngati galu wa aneba, wouwa chabe, amene aliyense akudziwa kuti saluma. Sindikana, pali zina zimene zimayesako. Mu ina agogo ake aamuna a Littlefoot amadwala, mu ina amakumana ndi bambo ake amene sankawadziwa. Koma umaonera ukudziwa kale kuti palibe chimene chitayike, ndipo mawa zonse zidzabwerera pomwe zinali. Kuchokera 1988 kufika 2016 ndi zaka 28, Littlefoot akadali kamwana komweko.

Chimene chinandipweteka si kuipa kwa zojambula. Ndi mmene ana anga ankaonera. Pa yoyamba ija mnyamata wanga anaiwala chigumu chili m'manja. Pa ya nambala 9 ankaonera ndi diso limodzi, kwinaku akukonza galimoto yake yamawaya, mchemwali wake atagona chafufumimba akujambula m'kope. Itatha palibe anafunsa funso. Anangoti, "Ikaninso ina."

Ice Age inayendanso njira yomweyi, ngakhale iyoyo inali ya ndalama zambiri ndiponso ya ku sinema. Ambiri mukuikumbukira yoyamba ija ya 2002, yopangidwa ndi Blue Sky Studios. Njovu yaubweya ya makedzana, Manny, yosafuna kucheza ndi aliyense, ikupezeka itanyamula khanda la munthu kuti ikalibweze kwa bambo ake. Pakati pa ulendo akulowa m'phanga, Manny akuona zojambula pakhoma, ife n'kuzindikira kuti mkazi wake ndi mwana wake anaphedwa ndi alenje, anthu, a mtundu wa khanda lomwe wanyamulalo. Palibe amene akuyankhula pamenepo. Khanda lija likungomugwira chitamba. Mwana wa zaka 6 amamva chimene chachitika popanda womumasulira. Tsono tsatirani kumene zinalowera. Yachiwiri mu 2006, madzi oundana akusungunuka, inali yomveka ndithu. Yachitatu mu 2009, atulukira madayinoso pansi pa nthaka. Yachinayi mu 2012, kwabwera achifwamba a panyanja oyenda pa chimwala cha madzi oundana. Yachisanu mu 2016, kagologolo kaja kofunafuna mtedza kakwera chombo cha mumlengalenga n'kugwetsera dziko chimwala. Anthu aja, amene anali phata la nkhani yoyamba, sanaonekenso. Filimu iliyonse imangowonjezera achibale ndi alendo, mkazi, mwana, agogo, chibwenzi cha mwana, mpaka gulu linachuluka ngati minibasi ya madzulo, aliyense akukuwa kuti amveke, wopanda mpata woti n'kupuma.

Chifukwa chake sichobisika. Ice Age yoyamba inapeza madola opitirira 380 miliyoni padziko lonse. Yachitatu inapitirira 880 miliyoni. Ndani angatseke chitsime choterocho? Kupanga katuni yaikulu kumadya zaka zingapo ndi ndalama zankhaninkhani, ndiye kwa mwini ndalama dzina lodziwika kale ndi mbewu yosakayikitsa, pamene nkhani yatsopano ndi kubzala ndi mvula yoyamba, mwina imera mwina ipsa. Onjezanipo zidole, zikwama za kusukulu, mabotolo a madzi ndi malaya okhala ndi nkhope zomwezo, zimene zimafika mpaka pa kaunjika kwathu kuno. Chidole sichifuna kuti mwini nkhope akule kapena asinthe. Ndiye olemba amauzidwa kuti alembe nkhani imene aliyense ayenda ulendo wautali koma osasuntha. Komanso zaka zisanu zilizonse kumabwera ana atsopano amene sanaone yoyamba, osadziwa kuti akumwa thobwa lothiridwa madzi kachinayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: yachisanu ija inatsika kufika pa 400 miliyoni ndi kanthu, theka la zam'mbuyo. Blue Sky Studios yeniyeniyo inatsekedwa mu 2021, Disney itagula kampani imene inali mwini wake, koma dzina la Ice Age silinapume, chaka chotsatira linatulukanso pa intaneti ndi filimu ina yopangidwa ndi manja ena.

Ndikudziwa ena munena kuti, "Achimwene, zimenezo ndi za ana, inu mukufunamo chiyani? Ngati akuseka basi zatheka." Apa ndiye ndikana kwamtuwagalu. Mwana mutamuikira maswiti ndi nsima, asankha maswiti tsiku lililonse, koma palibe kholo limene limati poti wasangalala basi wadya. Mawu akuti "ndi za ana" ndi amene akupha zinthu zimenezi, chifukwa amatanthauza kuti mwana ndi wosazindikira, chilichonse chowala ndi chaphokoso chimukwanira. Ana athu amaona maliro, amaona njala, amaona bambo atapita ku Joni osabwerako, amamva makolo akukangana usiku. Mitima yawo yanyamula katundu amene alibe naye mawu. Nkhani yabwino imawabwereka mawuwo. Nkhani yopangidwa kuti ingodzaza ola imawasiya momwe inawapezera.

Mayi anga aja anali katswiri wa nthano. Akati "Padangokhala," ife "Tili tonse," moto uli lawilawi, mbatata zili m'phulusa. Nthano zawo sizinali zofewa ayi. Munali mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza, munali chilala, munali mtsikana wokana amuna onse mpaka kukwatiwa ndi fisi wovala khungu la munthu. Tinkaopa, tinkafinyana, ena ankalira, koma mawa tinkabweranso. Ndipo nthano ikafika pothera ankaithetsa. "Kaphuleni mbatata!" ife "Yapserera!" Ngakhale tichonderere bwanji kuti apitirize, ankati imeneyo yatha, mawa kuli ina. Inde Kalulu ankabweranso usiku ndi usiku, ndiye sindikunena kuti kubwereza munthu yemweyo ndi tchimo. Koma Kalulu akabwera ankabwera ndi mlandu watsopano, wokhala ndi mbola yakeyake. Sankabwera chifukwa choti dzulo tinamukonda.

Ngakhale kwa azunguwo zimatheka akafuna. Toy Story yachitatu inatuluka mu 2010, patapita zaka 11 chitulukireni yachiwiri, ndipo anamulola mnyamata uja Andy kukula. Akupita ku koleji, akupereka zidole zake kwa kamtsikana kena, akutsanzikana nazo chimodzichimodzi. Akuluakulu analira m'masinema. Puss in Boots ya 2022, yochokera ku banja la Shrek lomwe ambiri tinali titatopa nalo, inatenga mphaka wodzitama uja n'kumusiyira moyo umodzi wokha mwa 9 imene amati mphaka amakhala nayo, imfa ikumulondola ngati mmbulu woimba likhweru. Mwana wanga wamwamuna anaonera ataluma chala. Opanga mafilimu awiriwa anadikira mpaka atapeza chonena, ndipo analimba mtima kuuza ana zoona.

Nafenso makolo tili ndi gawo lathu, tisaloze chala kutali kokha. Timasankha ndi dzina. Tikaona nambala kumapeto kwa mutu timati imeneyi amaikonda kale, ikani. Tikatero timayatsa n'kutuluka, kukachapa kapena kukhala pa foni. Inenso ndi momwe ndinachitira, ndinati ikani zonse 14 osafunsa. Ndipo pa fulashi zonse zimangosakanikirana, mwana akhoza kuyambira ya nambala 11 n'kukula osadziwa kuti panali yoyamba imene inali ndi mtima. Ndalama ya bandulo ndi yobenetsera timaivutikira, bwanji osakhala pansi mphindi 20 zokha kuona chimene tagula? Mukaona mwana akuonera koma maso ali gwa ngati akuyang'ana khoma, zimitsani, mufunseni kuti wamvapo chiyani. Yankho lake likuuzani zambiri kuposa chikuto cha filimuyo.

Kunyumba kwathu ndinafufuta 13 zija, ndinasiya imodzi. Mnyamata anadandaula tsiku limodzi, n'kuiwala. Yoyambayo taioneranso kawiri.

Mufilimu muja mayi ake a Littlefoot anamupatsa tsamba looneka ngati nyenyezi, ndipo iye ankayenda nalo pa ulendo atatsala yekha. Lachitatu lapitali ndikusayina homuweki ya mtsikana wanga, ndinapeza tsamba la chinangwa lili pakati pa kope, louma, lowongoledwa bwinobwino. Ndi la m'munda waung'ono wa kuseri kwa nyumba, umene anabzala agogo ake asanayambe kudwala. Ndinamufunsa ngati ndilichotse kuti lisadetse kope.

"Ayi adadi, lisiyeni. Ndi la agogo."

Ndinatseka kope lija mosamala kuti lisathyoke, n'kumubwezera m'chikwama.