Ku myuziyamu ya ku Chichiri musapite nokha, tengani agogo

Anzanga a kuno ku Zomba, ife ku Blantyre timapitako pafupipafupi. Wina akukaoda katundu ku Limbe, wina akuperekeza wodwala ku Queens, wina akukaonera mpira, wina akukasaka sipeya ku Ndirande. Tikamaliza zathu timathamangira minibasi kuti mdima usatipeze pa Njuli. Maganizo anga ndi akuti tsiku lina mupatule maola angapo mukalowe m'nyumba zosungiramo zinthu zakale za mumzinda umenewu, ndipo musapite nokha. Tengani munthu wamkulu wa pabanja panu, kaya ndi agogo, amalume kapena azakhali, aliyense amene anagwirapo sheleni m'manja mwake. Ana atengeninso, koma wamkuluyo ndiye asatsale.

Ambirife ku myuziyamu tinapitako tili ku pulayimale, pa ulendo wa sukulu, titandandalikana pamzere, mtima uli pa mabanzi ndi Sobo. Kuchokera pamenepo tinangoika m'mutu kuti kumeneko n'kwa ana asukulu ndi azungu odzaona malo. Ine zimenezo ndikukana. Zambiri zimene zili kumeneko ndi katundu amene makolo athu ankagwiritsa ntchito, ndipo ena mwa makolowo alipo, akhala pakhonde ku Chinamwali, ku Jali, ku Thondwe, ku Songani. Kapepala kofotokozera kamene amaika pambali pa chinthu kamangokuuzani dzina ndi chaka. Zotsalazo zili m'mutu mwa agogo.

Poyambira ndi ku Chichiri. Myuziyamuyi ili pafupi ndi Civic Centre, kungopatuka pang'ono kuchoka mumsewu wa Masauko Chipembere, moti ngati mwachokera ku Limbe mutha kutsika pa Chichiri n'kuyenda wapansi. Lamulo lokhazikitsa myuziyamu m'dziko muno linabwera mu 1957, zinthu zoyamba anazionetsera ku Mandala, ndipo nyumba ya ku Chichiriyi, imene inamangidwa ndi thandizo la Beit Trust, anaitsegula ndi Kamuzu Banda pa 29 June 1966, patangotsala sabata imodzi kuti dziko likhale lipabuliki. Si yaikulu. Munthu wothamanga atha kuizungulira yonse m'mphindi zochepa n'kutuluka akuti mulibe kanthu. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musanalowe m'kati, panja pomwepo pali mitu ya sitima za malasha, galimoto yakale yozimitsira moto, basi yakale ndi makina ena. Umodzi mwa mitu ya sitimayo ndi Shamrock, mnzake wa Thistle amene amasungidwa pa siteshoni ya Limbe. Iyi ndi ina mwa mitu yoyambirira ya njanji ya Shire Highlands, imene inachokera ku Port Herald, komwe lero timati ku Nsanje, n'kufika ku Blantyre mu 1908. Mwana wokulira m'tawuni ya Zomba atha kufika Fomu 4 asanaonepo sitima ndi maso, chifukwa ngakhale tinali likulu la dziko mpaka 1975, njanji inatilambalala, inadzera kuseri kwa phiri kulowera ku Balaka. Mulekeni mwanayo aime pafupi ndi gudumu, aone pamene ankathira malasha, aone pamene woyendetsa ankaima moto ukumuwamba kumaso.

Ine ndinapitako ndi amalume anga, achimwene awo a mayi, tikuchokera kowapimitsa maso. Atangoona basi yakale ija anandipatsira ndodo yawo, n'kuyamba kuizungulira pang'onopang'ono akusisita chitsulo chake ndi chikhatho.

"Mphwanga, ngati iyi tinkakwera titasamba, titavala za ku tchalitchi," anatero. "Katundu pamwamba, njinga pamwamba, nkhuku pamwamba. Kuchoka kwathu ku Jali kudzafika pa Zomba, tsitsi lonse psuu ndi fumbi."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga mukaiphonya, malume?"

"Umabwerera kunyumba, udzayesenso mawa. Kapena umangouyamba wapansi."

M'kati, pamene pali ndalama zakale, ndi pamene anakhalitsa. Anayamba kuzitchula mayina chala chili pagalasi: kobiri, tiki, sheleni, paundi. Anandionetsa kobiri la nthawi ya chitaganya, lija la bowo pakati, n'kundiuza kuti amayi awo ankatunga makobiri otere pachingwe n'kumanga m'chiuno popita kumsika. Anafotokoza za 1971, pamene kwacha ndi tambala zinalowa m'malo mwa paundi, K2 kukhala paundi imodzi, ndi mmene akuluakulu pamsika wa Zomba anapitirizira kuitana 10 tambala kuti sheleni kwa zaka zambiri. Anyamata awiri amene ankangojambulana pafoni anasiya zawozo n'kusendera pafupi. Mmodzi anafunsa kuti, "Agogo, ndiye tiki inkagula chiyani?" Amalume anawayankha ngati adzukulu awo enieni, ndipo anyamatawo anatitsatira mpaka potuluka. Chimene ndikutanthauza ndi chimenechi. Galasi lomwelo, ndalama zomwezo, ndikanakhala ndekha ndikanangodutsapo.

Pali chinthu china chimene ife a chigawo chakummawa tiyenera kuchiona: mwala umene unagwa kuchokera kumwamba ku Machinga pa 22 January 1981, wolemera makilogalamu 93. Si nthano ayi. Ndi chidutswa cha miyala imene imayendayenda mumlengalenga kuzungulira dzuwa, ndipo miyala ya mtundu umenewu ili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni, kuposa thanthwe lililonse la paphiri lathu la Zomba. Kunja kwake kumada chifukwa umapsa pamene ukuboola mpweya ndi liwiro loopsa. Amene anabadwa isanafike 1970 kumbali ya Machinga ndi Liwonde, afunseni ngati anamva nkhani yake nthawi imeneyo ndi zimene anthu ankanena m'midzi. Aphunzitsi a sayansi, mwala umenewu wokha ukukwanira kukhala chifukwa cha ulendo.

Mbali ya zipangizo za makolo ndimaikonda pa chifukwa china. Tinakula tikumva ngati chitsulo chinabwera ndi azungu, chonsecho anthu a dziko lino ankayenga chitsulo m'ng'anjo zaka zoposa 1,500 zapitazo, akupopa moto ndi mvukuto, n'kusula makasu, nkhwangwa, mikondo ndi mivi. Mukaima pa makasu akale, mbiya ndi zoimbira, mulekeni wamkulu uja atchule mayina ake m'chiyankhulo cha kwawo, kaya ndi Chinyanja, Chiyao kapena Chilomwe, chifukwa mayina ena atsala pakamwa pa anthu ochepa. Palinso zigoba za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Ndikudziwa kuti ena mwa ife, chifukwa cha chipembedzo, pamenepa amafuna kudutsa mwachangu. Ndi ufulu wawo. Kwa ine, kuona luso la wosema ndi kumva chimene chilombo chilichonse chimaphunzitsa sikusintha chikhulupiriro cha munthu.

Pa nkhani ya malonda a akapolo musathamangitse ana. Auzeni kuti zimenezi zinachitika m'dera lathu lomwe lino. Mu July 1861 David Livingstone ndi anzake anamasula akapolo 84 pamudzi wa Mbame, ndipo anthu amenewa ndi amene Bishopu Mackenzie anayamba nawo mishoni ya ku Magomero, kufupi ndi Namadzi kumene timadutsa tsiku ndi tsiku. Ku Magomero komweko ndi kumene anthu a John Chilembwe anakapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ya A. L. Bruce, usiku wa pa 23 January 1915, thangata itawafika pakhosi. Nkhope ya Chilembwe imene mwana amaiona pa K2,000 imayamba kukhala munthu akadziwa kuti za ku Magomerozi zinachitikira kufupi ndi msewu umene wadzera m'mawa womwewo.

Mukachoka ku Chichiri pitani ku Mandala. Nyumba imeneyi inamangidwa mu 1882 ndipo ndi nyumba yachizungu yakale kuposa zonse zimene zikadaima m'dziko muno. Inali ya kampani ya African Lakes, imene inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno ankaiyendetsa John Moir ndi mbale wake Frederick. Pansi pali malo oonetsera ndi kugulitsa zojambula ndi zosema, komanso pokhala n'kumwa tiyi pamthunzi, zimene munthu wachikulire amazifuna ikafika nthawi imeneyo. Pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946 ndi dzina loti Nyasaland Society. Muli mabuku, mapu ndi zithunzi zakale, ndipo wophunzira wa ku Chanco amene akulemba za mbiri sayenera kumaliza maphunziro asanakwereko masitepe amenewo.

Koma ku Mandala pitani ndi maso anuanu. Zambiri zimene zili m'mabukumo analemba ndi azungu, za azungu anzawo. Pachithunzi mupeza dzina la bwana amene wakhala pampando, koma anthu khumi amene aima kumbuyo kwake alibe mayina. Chonsecho njanji isanafike, katundu yense wa kampaniyi ankakwera kuchokera kwa Katunga, kumtsinje wa Shire, kudzafika ku Blantyre ali pamitu pa amtengatenga, n'kutsikanso nawo mpaka ku Matope kukakwera sitima zapamadzi. Mchere, nsalu, zitsulo, minyanga, ngakhale bwanayo pamachila. Ndikaima pakhonde la nyumba imene ija ndimaganiza za amene anaumba njerwa zake. Chimodzimodzi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, munthu amene sanaphunzire za mapulani a nyumba. Si myuziyamu, koma ngati nthawi ilipo kaoneni njerwa zake, zoumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo ndi manja a anthu akuno.

Za kayendedwe ndinene mwachidule. Nyamukani ndi minibasi ya m'mamawa, muyambe ku Chichiri dzuwa lisanakwere chifukwa zina zili panja, ku Mandala mukafike chakumasana. Tengani ndalama ya m'manja yolipira pakhomo, botolo la madzi, ndi foni yotchaja bwino. Musanajambule zithunzi m'kati pemphani chilolezo. Koma chimene ndikukupemphani kwambiri n'choti mujambule mawu a agogowo pamene akufotokoza, muwafunse dzina la mudzi, la mfumu, la esiteti imene ankagwirako ntchito, kenako mutumize pa gulu la banja la WhatsApp kuti zisathere mufoni imodzi.

Amene muli pa galimoto yanuyanu, pobwerera imani pa Namaka. Kanyumba kakang'ono kali m'mbali mwa msewu kaja, kamene timangokadutsa pa liwiro, ndi myuziyamu ya Mtengatenga. Panali popumulira anthu onyamula makalata pakati pa Zomba ndi Blantyre, amene ankayenda wapansi mtunda wa makilomita oposa 60 umene ife timadandaula nawo titakhala pampando. Makalata a boma lonse la Nyasaland ankadalira miyendo ya anthu amenewa, mvula kaya dzuwa, m'nthawi imene m'tchire la m'njiramo munali zilombo. Ndi bwino kufunsiratu ngati woyang'anira alipo tsiku limenelo musanakonze zoimapo.

Ndipo polowa m'tawuni mwathu muno, pafupi ndi Cobbe Barracks, pali nsanja ya chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles. Ndi angati mwa ife amene anatsikapo n'kuwerenga zolembedwa pamenepo? Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, amuna pafupifupi 200,000 a dziko lino anatengedwa kukhala amtengatenga a nkhondo, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Pafupifupi banja lililonse kuno lili ndi munthu wake m'nkhani imeneyi, kungoti sitinafunse.

N'chifukwa chake ndimalakalaka imodzi mwa nyumba zakale za boma za kumtunda kuja itasanduka myuziyamu ya mbiri ya tawuni ya Zomba. Malo osungira zikalata zakale za dziko, National Archives, ali konkuno kuyambira 1947, yunivesite ili konkuno, Nyumba ya Malamulo inakumana konkuno kwa zaka zambiri. Zoika m'menemo sizosowa, zili kale m'masutikesi a m'nyumba zathu: mamendulo a ku Burma, ziphaso za msonkho, makadi a chipani, mapepala a ku Wenela, zithunzi za pa situdiyo za m'ma 1960. Amalume ali ndi chiphaso cha msonkho cha bambo awo, chokulungidwa m'pulasitiki ya shuga, ndipo anandiuza kuti atapeza malo oti chikasungike bwino, dzina la bambo awo litalembedwa pambali, angachipereke ndi manja awiri. Mwezi wamawa ndikupita ku Chichiri ndi azakhali, amene anali woumba mbiya pa utsikana wawo ndipo akufuna akaone ngati za kumeneko zili ndi mizere yofanana ndi imene amayi awo anawaphunzitsa.