Musamathamangire kunena kuti abwerere kumudzi

Anthuni, nkhani ya anthu obwera m'tauni timaikamba ndi mkwiyo kwambiri koma manambala ake sitimawaona, chonsecho likulu la NSO, omwe amawerenga anthu dziko lonse, lili konkuno ku Zomba, ndipo ku yunivesite ya Chanco kuli Centre for Social Research, malo ofufuza za chikhalidwe cha anthu. Kafukufuku akuchitikira pakhomo pathu pomwe.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo okhala m'matauni anali 16 okha pa anthu 100 alionse. 16 basi. Mzinda wa Zomba unali ndi anthu ongopitirira 105,000 pomwe Lilongwe inali itatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. Nde munthu akamati aMalawi onse athawa khasu adzadza m'tauni, ine ndimakana, manambala sakuvomereza. Dziko lathu lili m'gulu la maiko omwe anthu ake ambiri akadali kumudzi mu Africa muno. Komanso kukula kwa tauni sikuti ndi obwera okha ayi, ana obadwira ku Chinamwali, ku Sadzi, ku Mpondabwino nawonso akukula nkumafuna nyumba zawo, amenewo muwabweza mudzi uti?

Chomwe chimandigwira mtima pa zomwe ofufuza amapeza nchakuti kusamuka kwambiri kuno kwathu ndi kochoka mudzi kupita mudzi wina. Anthu akummwera kuno anapita kukakhala matenanti m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi ku Mchinji, ena kothyola tiyi ku Thyolo, ena amatsata nsomba. Nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995 komanso mu 2018 asodzi a ku Kachulu sanangokhala pansi, ena analowera ku nyanja zina, ena anabwera kudzapalasa kabaza. Ndipo amene wafika m'tauniyo mudzi sanausiye. Muone mwezi wa Novembala mvula ikayandikira, mnyamata wakabaza pa depoti wasowa sabata ziwiri, wapita ku Jali kapena ku Mayaka kukabzala. Nthawi yokolola matumba a chimanga ali pa njinga kulowa ku Chikanda, ndalama ya feteleza inachokera m'tauni, ufa ukuchokera kumudzi, banja lake ndi limodzi lomwelo. Ukamuthamangitsa pa geni yake pafupi ndi msika, wamenyanso agogo ake amene amadikira ka mobile money mwezi ukatha.

Vuto lenileni ine ndimaliona pa malo okhala. Munthu wafika, poloti yovomerezeka sangaikwanitse, nde amakachita lendi kachipinda komwe chimbudzi chimodzi mabanja asanu, madzi ogula pa kiyosiki, ena mpaka kumanga m'mbali mwa Likangala kapena m'mapiri motsetsereka. Tinaona zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo Zomba ndi mzinda wa m'mphepete mwa phiri nawonso, ndikaganiza zimenezo mtima sukhala m'malo. Anthu aja sanasankhe malo oopsa chifukwa chosamva, kunalibe kwina kotchipa.

Ndondomeko ya chitukuko cha dziko ya Malawi 2063 inaika kukula kwa matauni ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu, ndipo pali mapulani otukula matauni ang'onoang'ono ngati Liwonde ndi Luchenza kuti onse asamangothamangira ku Blantyre ndi Lilongwe. Maganizo abwino ndithu. Koma Zomba chichokereni likulu la dziko mu 1975 ntchito zake zambiri ndi za boma, sukulu ndi asilikali, mafakitale oti alembe achinyamata ndi ochepa kwabasi.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ophunzira a ku Chanco, zomwe mumapeza zija zisamathere m'malipoti a Chingerezi. Bwerani nazo pa wailesi m'Chichewa, kambiranani ndi makhansala ndi mafumu a m'matauni, kuti khonsolo izidula mapoloti otchipa ndi kukoka mapaipi a madzi anthu asanamange, osati kubwera ndi chigumula nyumba zitatha kale.