Muziwauziratu makolo mwana asanalowe ku fiyeta

Maganizo anga ndi akuti kholo lililonse limene mwana wake akukachitidwa opaleshoni, ngakhale yaing'ono bwanji, liziuzidwiratu kuti mwanayo akhoza kudzuka mutu utabalalika. Ana ena akamatsitsimuka ku mankhwala ogonetsa amakuwa, kuphiriphitha, kuzula dilipi, osayang'ana munthu m'maso, mayi wowabala osamuzindikira. Kawirikawiri zimatha pasanakwane mphindi 30, ndipo ambiri sakumbukira n'komwe. Koma mayi amene sanauzidwe kanthu amangoti mwana wanga wapenga, wina amafika poganiza kuti amulodza.

Chimandiwawa n'chakuti ana amene vutoli limawakonda amadziwika opaleshoni isanayambe. Ambiri ndi a zaka 2 mpaka 5. Opaleshoni ya pakhosi, ya m'makutu ndi ya maso ndi imene imatchuka nalo. Mpweya wogonetsa wa sevoflurane umalibweretsa kuposa propofol wolowetsa mumtsempha. Chinanso ndi mantha: mwana amene walowa akulira, anthu atamupanikiza kuti apume mankhwala, ndiye amenenso nthawi zambiri amadzuka moipa. Wachipatala wogonetsa odwala akaona zonsezi pa mwana mmodzi, ali ndi pogwira. Akhoza kuletseratu ululu mokwanira, kapena kupereka propofol pang'ono chakumapeto, kapena mankhwala odekhetsa otchedwa dexmedetomidine kumene amapezeka.

Anamwino nawo ali ndi muyeso woonera ngati mwana wabalalika mutu, wotchedwa PAED, umene akatswiri awiri, Sikich ndi Lerman, anatulutsa mu 2004. Umafunsa zinthu zosavuta: kodi mwana akukuyang'ana, akudziwa pamene ali, akutonthozeka? Mwana amene akumva ululu chabe amakuyang'ana ndi kuloza pomwe pakuwawa. Wobalalika mutu sakuona n'komwe. Kholo likhoza kumva zimenezi litafotokozeredwa mphindi ziwiri zokha.

Ifenso makolo tili ndi mlandu pa nkhani ya manthayi. Timaopseza ana ndi jakisoni akavuta kunyumba, tsiku la opaleshoni n'kuwanamiza kuti tikukaona azakhali. Mwana wa zaka 4 amamva mukamuuza kuti akapuma kampweya, agona, ndipo podzuka amayi akakhala pambali pake. Muuzeni zoona, mumutengere kansalu kapena chidole chimene amachikonda.

Ndikudziwa kuti m'zipatala zathu wogonetsa mmodzi amakhala ndi mzere wautali wa odwala. Komabe akabwera kudzaona mwana wanu ku wodi, mufunseni kuti mwanayu angadzuke bwanji, nanga inu mudzachite chiyani akadzayamba kukuwa.