Knot si kilomita, abale anga

Dzinja likangofika, magulu athu a WhatsApp amadzaza ndi zithunzi za anamondwe zotoleredwa pa intaneti, ndipo zambiri zimalemba liwiro la mphepo m'ma knot, mwachidule kt. Munthu akaona 50 kt amangoti, "Aa, njinga yamoto ya ku Ulongwe imathamanga kuposa apa." Chonsecho mphepo imeneyo ikuwomba makilomita pafupifupi 93 pa ola, yokwanira kusasula denga la malata.

Mawuwa ndi a amalinyero. M'Chingerezi knot ndi mfundo ya chingwe, ngakhalenso mfundo ya pathabwa ija imavutitsa akalipentala, ndipo Apwitikizi amati nó. Kale oyenda panyanja ankaponya kathabwa m'madzi kumbuyo kwa chombo, katamangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo pa mamita pafupifupi 14 aliwonse. Wina ankatembenuza kabotolo ka mchenga kotha m'masekondi 28, mnzake n'kumawerenga mfundo zodutsa m'manja mwake. Zikadutsa 7, basi, chombo chikuyenda ma knot 7. Chingwecho chinasiyidwa kalekale koma dzina linakanirira. Lero knot imodzi ndi kuyenda mamita 1,852 pa ola, ndipo kutalika kumeneku mayiko anagwirizana ku Monaco mu 1929. Ola lili kale m'kati mwa mawuwo, choncho amene amati "ma knot 20 pa ola" akungobwereza.

Amalinyero sindikuwatsutsa ayi. Muyesowu umawayenera, chifukwa mamita 1,852 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri pa mapu awo. Oyendetsa ndege zotera ku Chingodzi nawonso amaugwiritsa ntchito.

Amene ndikulimbana nawo ndi ife okonda kutumiza mauthenga tisanawamvetse. Mayi wa ku Tsangano, kapena mnyamata wogwira kapenta usiku pa Cahora Bassa, amadziwa makilomita. Ngati mwaganiza zowachenjeza, masulirani kaye nambalayo. Ichulukitseni kawiri n'kuchotsapo pang'ono, simulakwitsa kwambiri. Akatswiri a zanyengo amapatsa namondwe dzina mphepo ikafika ma knot 34, omwe ndi makilomita 63 pa ola, ndipo ikafika 64 amauwerengera m'gulu la anamondwe aakulu.

Komanso kwa ife akumtunda kuno, nambala ya mphepo sinena zonse. Namondwe Ana wa mu Januwale 2022 sanafike n'komwe pa 64 paja, koma madzi anadula mlatho wa Revúboè pakati pa Tete ndi Moatize. Knot sayeza mvula. Mukamatumiza chithunzi, lembani makilomita pansi pake, muwonjezerenso zimene INAM, bungwe la boma loona zanyengo ku Mozambique, yalengeza za kuchuluka kwa mvula. Ngati zimenezi zakukulirani, chisiyeni m'foni mwanu momwemo.