Mukufuna kuyeza chani poti munachotsa kale?

Abale inu ine ndatopa nawo makalatawa. Anandipanga opareshoni kuno ku UK, anachotsa chiberekero chonse ndi khomo lake lomwe chifukwa cha ma fibroids (zotupa za m'chiberekero), koma mpaka pano kalata ikungobwera yoti ndipite akandiyeze khansa ya khomo la chiberekero. Khomo lake liti? Akayeza chani?

Achipatala kuno amaitana azimayi onse a zaka 25 mpaka 64, ndipo amene khomo anawasiyira ayenera kumapitabe ndithu, koma ine za opareshoni yanga zili mu faelo, osangotsegula kompyuta nkuwerenga bwanji? Ukaimba foni umadikira pa laini kanyimbo kakungolira mpaka khutu kutentha, wa pa risepushoni akuti fomu yokuchotsa pa mndandanda asaine ndi adokotala, adokotala akuti kalata yochokera komwe anandipanga opareshoni sinawapeze, komwekonso akuti anatumiza kalekale. Ndiye ine wa chilonda pamimba ndikhale mesenjala wawo? Usanapume nkomwe meseji yalowa pa foni yokumbutsa kuti sunabuke.

Chomwe chimandiwawa kwambiri nchoti palibe akuganiza kuti kalata imeneyi munthu amailandira bwanji. Ine sindinachotsetse chiberekero mwa kufuna, magazi anali atandithera ndipo ndinkafunabe mwana wina. Envulopu iliyonse ndikaing'amba misozi imayambiranso, tsiku lonse limaonongeka. Ndipo ngati akulephera kulemba chinthu chachikulu ngati chimenechi, za mankhwala omwe thupi langa limakana analemba molondola?