Ulova watsika, koma awerenga ndani?

Mwezi uliwonse kuno ku America boma limatulutsa chiwerengero cha ulova cha chigawo chilichonse. Chikangotsika pang'ono, abwanamkubwa a zigawo amathamangira pa Facebook ndi pa wailesi kukalengeza kuti zinthu zayamba kuyenda. Ife a kuno ku Indiana timazimva, abale kumudzi nawo amaziona pa foni, ndiye mumangolandira uthenga wakuti achimwene, tamva kuti kumeneko ntchito zili mbwee. Maganizo anga ndi akuti tisamafulumire kuomba m'manja tisanafunse kuti chatsika bwanji, chifukwa chiwerengero chimenechi chimatsika m'njira ziwiri, ndipo ina mwa njirazo ndi yomvetsa chisoni.

Anthu ambiri, ngakhale obadwira konkuno, amaganiza kuti boma limangowerenga amene akulandira ndalama yothandizira ochotsedwa ntchito. Ayi ndithu. Ogwira ntchito ku Census Bureau, nthambi ya boma yoona za kalembera wa anthu, amafunsa mabanja pafupifupi 60,000 mwezi uliwonse, ena pa foni, ena pakhomo, ndipo mayankhowo amapita ku Bureau of Labor Statistics, nthambi yoona ziwerengero za ntchito, imene timangoti BLS. Amafunsa za sabata imodzi yokha, imene muli tsiku la 12 la mweziwo. Ngati m'sabata imeneyo munagwira ntchito yolipidwa ngakhale ola limodzi lokha, mumalembedwa kuti muli pa ntchito. Kuti mulembedwe kuti ndinu lova, muyenera kukhala opanda ntchito, okonzeka kuyamba ntchito ikapezeka, komanso munayesetsa kuifunafuna m'masabata anayi apitawo, kaya polemba kalata, kuimba foni kapena kupita kukaonana ndi olemba ntchito. Kungowerenga zolengeza ntchito pa intaneti osachitapo kanthu sikuwerengedwa. Okhawo amene aimitsidwa kwa kanthawi n'kumadikira kuitanidwanso ndi amene amawerengedwa popanda kufunafuna.

Nanga amene watopa, wasiya kufunafuna? Ameneyo sali pa ntchito, komanso si lova. Amachotsedwa m'masamuwo.

Tiyerekeze kuti pali anthu 100. Mwa iwo 94 akugwira ntchito, 6 akufunafuna. Ulova ndi 6 pa 100. Mwezi wotsatira awiri mwa asanu ndi mmodzi aja ataya mtima, sakulembanso makalata. Palibe ndi mmodzi yemwe amene wapeza ntchito, koma tsopano malova ndi 4 mwa anthu 98, ndiye kuti ulova watsika kufika pa 4 ndi kapang'ono. Bwanamkubwa akaima pa kamera n'kunena kuti ulova watsika, sananame. Koma pakhomo pa anthu awiri aja palibe chimene chalowa mumphika.

Izi sindikuzinena ngati nthano. Pali bambo wina woyandikana nafe, wa zaka za m'ma 50, amene anagwira ntchito ya m'fakitale kwa nthawi yaitali mpaka msana unayamba kuvuta. Atachotsedwa, miyezi yoyambirira ankadzuka m'mawa, kusita malaya, kupita ku laibulale kukalemba mafomu pa kompyuta. Kenako galimoto yake inawonongeka, ndipo amene akudziwa matauni a kuno akudziwa kuti wopanda galimoto ndi womangika miyendo, mabasi safika kumene kuli mafakitale ambiri, makamaka pa shifiti ya usiku. Lero amakhala pakhonde, foni ili pa bondo, akazi awo ndiwo akusenza lendi. Atamufunsa a kafukufuku aja kuti mwafunafuna ntchito m'masabata anayi apitawa, ayankha zoona kuti ayi. Ndipo tsiku limenelo chiwerengero cha chigawo chathu chioneka bwinoko chifukwa cha iye. Zimenezi zimandipweteka kwambiri.

Ndiye pali chiwerengero china chimene ndikufuna tizichifunsa nthawi zonse: mwa anthu onse a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndi angati amene akugwira ntchito kapena kuifunafuna? Kumayambiriro kwa chaka cha 2000 anali 67 pa 100 m'dziko lonse. Zaka zaposachedwapa akhala pakati pa 62 ndi 63. Gawo lalikulu la kutsikaku ndi ukalamba, anthu ambiri apuma pa ntchito, zimenezo ndikuvomereza. Koma ukalamba sungafotokoze za amuna a zaka 25 mpaka 54. M'zaka za m'ma 1950 pafupifupi 97 pa 100 a iwo anali pa ntchito kapena kuifunafuna, pano ndi 89 kapena chapompo. Mwamuna mmodzi mwa khumi aliwonse a msinkhu wogwira ntchito sakuoneka n'komwe m'chiwerengero cha ulova.

Taonani Mississippi. M'chaka cha 2023 ulova kumeneko unali cha m'ma 3 pa 100, wotsika kuposa wa dziko lonse. Munthu atangoona nambala imeneyo akhoza kulongedza katundu kupita. Koma chigawo chomwecho ndi chimodzi mwa zosauka kwambiri mu America, ndipo ogwira ntchito pamodzi ndi ofunafuna ntchito anali osafika 55 pa 100. West Virginia nayo ili chapomwepo. Onjezerani apa kuti akaidi sawerengedwa konse, pomwe dziko lino lili ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni m'ndende, ndipo Mississippi ili m'gulu la zigawo zotsekera anthu ambiri. Mnyamata amene akanakhala lova akalowa m'ndende amasowa m'masamu. Komanso nambala imodzi ya chigawo chonse imabisa chinthu chimene chakhalapo kwa zaka zambirimbiri, chakuti ulova wa anthu akuda umakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri wa azungu, kaya chuma chili bwino kaya chavuta.

Za ola limodzi zija, alongo athu ogwira ntchito yosamalira okalamba akuzidziwa bwino. Mumatsegula foni Lamlungu madzulo kuona ndandanda ya sabata, mukupeza akupatsani mashifiti awiri okha pomwe mumafuna asanu. Mafuta a galimoto, inshuwalansi, lendi, ndalama yotumiza kumudzi, zonse zikudikira pa mashifiti awiriwo. M'buku la boma muli pa ntchito, mofanana ndi dokotala. Ndipo funso la malipiro sililowamo n'komwe, ngakhale malipiro otsikitsitsa a boma lalikulu akadali madola 7.25 pa ola kuyambira 2009, ndipo Indiana sinakwezepo pamenepo.

Pano ndisamveke molakwa. Sindikunena kuti a BLS amaphika manambala. Amene amafulumira kunena zimenezo ndimatsutsana nawo kwambiri. Malamulo awo owerengera ndi olembedwa poyera, sasintha malinga ndi chipani cholamula, ndipo iwo eni amatulutsa miyeso isanu ndi umodzi, kuchokera U-1 mpaka U-6. Imene timamva pa wailesi ndi U-3. U-6 imaphatikiza otaya mtima amene anafunafunako ntchito m'chaka chapitacho, ndi aja ogwira maola ochepa asakufuna. Mu April 2020, Covid itatseka chilichonse, U-3 inali pafupifupi 15 pa 100 pomwe U-6 inali pafupifupi 23. Ndipo a BLS ananena okha kuti anthu ambiri analembedwa molakwika ngati ali pa ntchito, kuti ulova weniweni unali wokwera ndi mapointi pafupifupi asanu. Anthu obisa choonadi sachita zotero. Vuto lili ndi andale ndi atolankhani amene amasankha nambala imodzi yokoma n'kusiya zinazo m'kabati.

Pa nkhani ya zigawo palinso china. Mabanja 60,000 aja mukawagawa m'zigawo 50, chigawo chaching'ono chimatsala ndi mabanja mazana angapo chabe. Choncho nambala ya chigawo amaipeza posakaniza kafukufukuyo ndi malipoti a makampani komanso chiwerengero cha opempha thandizo la ochotsedwa ntchito, ndipo chaka chikatha amaikonzanso. Kutsika kuchoka pa 3.6 kufika pa 3.5 m'mwezi umodzi nthawi zambiri sikutanthauza kanthu. Komanso mabanja ovomera kuyankha akucheperachepera: kale anali pafupifupi 90 pa 100, pano ndi osafika 70. Ine ndimadandaula ndi amene sayankhawo, chifukwa munthu amene wasamuka kawiri chaka chimodzi, kapena amene amaopa kutsegulira mlendo wa boma chitseko, kawirikawiri ndi yemweyo amene ntchito ikumuvuta.

Kutsika kwenikweni kulipo, ndipo tikudziwa maonekedwe ake. Ku Elkhart, konkuno ku Indiana pafupi ndi mzinda wa South Bend, kumene amapanga magalimoto okhala ndi zipinda zogonamo, ulova unafika pafupifupi 20 pa 100 mu 2009, mpaka Barack Obama anapitako atangolowa kumene mu ofesi. Patapita zaka zingapo mafakitale omwewo ankasowa anthu, zikwangwani zofuna antchito zili m'misewu monse. Kumeneko ndiye kutsika kosangalatsa, anthu kubwerera ku ntchito, ndipo simufunikira bwanamkubwa kuti akuuzeni.

Abale a kumudzi musaone ngati nkhaniyi ndi yakutali. Lamulo la ola limodzi ndi la kufunafuna ntchito ndi la ILO, bungwe loona za ntchito padziko lonse, limagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. N'chifukwa chake mumaona pa intaneti kuti ulova ku Malawi ndi cha m'ma 5 pa 100, n'kumadabwa kuti awerengera kuti. Wachita ganyu wa m'mawa umodzi walembedwa kuti ali pa ntchito. Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anapeza ulova wosafika 7 pa 100 powerenga ofunafuna ntchito okha, koma pafupifupi 20 pa 100 ataphatikiza osiya kufunafuna. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, nthambi ya boma yoona ziwerengero ya Stats SA imatulutsa zonse ziwiri pamodzi, ina yopitirira 30 pa 100, ina yopitirira 40, ndipo nyuzipepala za kumeneko zimalemba zonse ziwiri m'nkhani imodzi. Zimenezo ndi zimene ndikufuna kwa atolankhani a kuno: bwanamkubwa akalengeza kuti ulova watsika, amufunse pomwepo kuti anthu olembedwa ntchito awonjezeka ndi angati, ndipo osiya kufunafuna ndi angati.