Okondana a m'mabuku athu alibe amalume

Miyezi ingapo yapitayo ndinapereka masamba 60 oyambirira a buku langa la nkhani yachikondi kwa azakhali anga, amene anapuma ntchito ya uphunzitsi ndipo sadziwa kunyengerera munthu. Atawerenga anandibwezera mapepalawo ndi funso limodzi lokha: "Kodi mnyamata wakoyu anachita kugwa kuchokera kumwamba? Amalume ake ali kuti?" Ndinaseka, koma usiku womwewo nditawerenganso ndinaona chimene ankanena. Mnyamatayo anali ndi galimoto, mafuta onunkhira ndi pakamwa pokoma, koma analibe mudzi, analibe ngongole, ndipo panalibe munthu ngakhale mmodzi amene akanamuimbira foni kumapeto kwa mwezi kumukumbutsa za fizi ya mng'ono wake. Mtsikana naye anali wokongola basi, ndipo ntchito yake m'mitu isanu yonseyo inali kudikira foni ndi kulira.

Maganizo anga tsopano ndi akuti ampangankhani ambiri a m'nkhani zathu zachikondi samveka ngati anthu enieni chifukwa timawachotsa pakati pa abale awo, pamene kwathu kuno munthu sakwatira yekha. Aliyense amene anapitapo ku chinkhoswe amadziwa kuti okondanawo amakhala chete pampando, pamene oyankhula ndi ankhoswe, amene amasinthana tambala ndi msoti n'kuyala khasu, nkhwangwa, lichero ndi mthiko pamaso pa anthu. Mlembi akalemba chikondi cha anthu awiri okha, ngati kuti ali pachilumba, amataya anthu amene akanapatsa nkhani yake mkangano weniweni, ndiye poona kuti nkhani yaima amathamangira ngozi ya galimoto, apongozi ankhanza popanda chifukwa, kapena kondaine wa kwa sing'anga. Za kondainezi ndimadana nazo kwambiri, chifukwa munthu amene wakonda atadyetsedwa mankhwala sanasankhe kanthu, ndipo wowerenga sangamumvere chisoni kapena kumukwiyira.

Nditayambiranso kulemba, chinthu choyamba chinali kuwapatsa kwawo. Mnyamatayo ndinamuika ku Rumphi, kumene mwamuna amapereka lobola ndipo mkazi amakakhala kwa mwamuna, ana n'kukhala a kuchimuna. Mtsikanayo ndinamuika ku Dedza, m'mudzi wa chikamwini, kumene munda umene amalima mayi ake mbatata ya kachewere udzakhala wake, ndipo amalume ake ndi amene ali ndi mawu pa mbumba yonse. Anakumana ku Lilongwe, iye akugulitsa zipangizo za njinga zamoto ku Area 25, mtsikanayo akugwira ntchito ya unamwino. Kuchokera pamenepo sindinafunikenso kupeka mdani. Mtsikana akalola chitengwa n'kupita kumpoto, ndiye kuti wasiya munda ndi mayi wokalamba amene alibe mwana wina wamkazi. Mnyamata akalola kukhala mkamwini, bambo ake adzati mwana wawo woyamba watayika. Onse awiri akunena zoona, onse ali ndi chimene angataye, ndipo amalume a mtsikanayo, amene poyamba kunalibe, ndi amene tsopano ndimasangalala kwambiri kuwalemba, chifukwa amamukonda mnyamatayo koma akukana.

Chinthu chachiwiri, chimene ndikuona kuti alembi a Chichewa tili nacho m'manja koma sitichisamala, ndi mawu oitanirana. Chiyankhulo chathu chimasiyanitsa "inu" ndi "iwe", ndipo ulendo wonse wa chibwenzi ukhoza kulembedwa pa mawu awiri amenewa. Tsiku loyamba mnyamata amati, "Achemwali, mwataya chikwama," ndipo mtsikana amayankha kuti, "Zikomo achimwene." Pamapita masabata akutchulana "inu", kenako tsiku lina, mwina ali mkati mokangana za chenji cha minibasi, mmodzi amangoti "iwe" mosazindikira, onse n'kukhala chete pang'ono. Akafika pamaso pa makolo, mtsikana yemweyo sangatchule dzina la bwenzi lake, amangoti "awa". Akadzakwatirana n'kubereka, dzina lija limazimirira, mwamuna n'kusanduka bambo a uje. Ndipo mkazi amene anazolowera kunena "iwe" akadzuka m'mawa wina n'kunena kuti, "Madzi anu ali kubafa," wowerenga aliyense wa Chichewa amadziwa kuti m'nyumbamo mwagwa zina, popanda mlembi kufotokoza kuti mayiyo wakwiya. M'malo mwa zimenezi ife timadzaza masamba ndi mawu oti ndimakukonda ndi mtima wanga wonse, mawu amene anthu ambiri amene ndikuwadziwa amachita nawo manyazi kuwanena pamaso, ngakhale amawalemba pa WhatsApp. Mnyamata wa m'buku langa sanenapo mawu amenewo mpaka pano. Chimene anachita n'chakuti, atamva kuti mayi a mtsikanayo agonekedwa m'chipatala, anatumiza ndalama pa Mpamba popanda uthenga uliwonse, ndipo ndalamazo zinali zoti akaodere katundu.

Apa ndafika pa nkhani ya ndalama, imene alembi ambiri timaizemba ngati kuti imadetsa chikondi. Timadziwa mitundu iwiri yokha ya amuna, wolemera wa nyumba ya mpanda ku Area 43 ndi mphawi wa mtima wabwino, pamene anthu ambiri amene amakondana m'dziko muno ali pakati, akuwerengera lendi, banki m'khonde ndi thumba la feteleza la kumudzi. Nkhani yanga ndinaiika mu 2023 mwadala, chifukwa mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo munthu amene ankasunga ndalama za chinkhoswe anangoona mitengo ikumuthawa. Mwamuna wotere amaoneka khalidwe lake lenileni pa nthawi ngati imeneyo: kodi auza bwenzi lake zoona, kodi akongola katapira kuti asachite manyazi kwa akuchikazi, kapena ayamba kuganiza za ulendo wa ku Joni? Wanga anasankha kunama, ndipo ndi pamene ndinayamba kumukhulupirira, chifukwa bodza lakelo linachokera pa kunyada kumene ndinali nditakuonetsa kale m'mutu wachiwiri, pamene anakana kuti mtsikanayo alipire chipisi cha onse awiri. Chilema cha mpangankhani chiyenera kumera pa khalidwe lomwelo limene wowerenga anamukondera poyamba, apo ayi chimaoneka ngati chomata.

Ndinene mwachidule za msinkhu, popeza ndimaona nkhani zambiri pa Facebook zimene zimakometsa chibwenzi cha mtsikana wa Fomu 2 ndi bambo wa bizinesi. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu woyambira kulowa m'banja, ndipo Malamulo Aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti agwirizane nalo. Nkhani yotereyo ikhoza kulembedwa, koma si yachikondi, ndipo mlembi ayenera kudziwa chimene akulemba.

Chimene chikundivutabe ndi mtsikana wanga. N'zosavuta kupatsa mwamuna ntchito, zolinga ndi zolakwa, mkazi n'kumusiya ngati mphotho yoti wina akailandire pamapeto. Ndinayamba kumufunsa mafunso amene sakhudza mnyamatayo n'komwe: amadya chiyani akaweruka ntchito ya usiku, amakangana ndi ndani kutchalitchi, chinthu chiti chimene anachita ali kusekondale chimene safuna kuti mayi ake adziwe. Mayankho ambiri sadzalowa m'buku, koma limodzi linasintha nkhani yonse, pamene ndinazindikira kuti iye mwini mundawo saufuna, ndipo akungobisala kumbuyo kwa amalume ake chifukwa akuopa kuvomera kuti akufuna kukapitiriza maphunziro asanakwatiwe ndi aliyense. Azakhali atawerenga mutu umenewo sanayamikire, anangofunsa kuti, "Ndiye amuuza liti?" Panopa ndili pa mutu 14, awiriwo ali mu basi yopita ku Dedza kukaonekera, ndipo kuyambira pa depoti mpaka pa Nathenje mtsikanayo wakhala akumutchula mnzakeyo kuti "inu".